Saiti ya kasitomala ikukwawa, thandizeni

Wa ku Ndirande: Akuluakulu mwaswera? Ndili ndi kasitomala wa loji ina ku Mangochi, saiti yake ya WordPress ikukwawa zoopsa, pa foni umadikira mpaka kutopa zithunzi osabwera bandulo ikungotha. Mwiniwake akuti vuto ndi hosting (kampani yomwe imasunga saitiyo) ndisamutse koma ine ndikukayika chifukwa mu sidebar, m'mbali mwa pejimo, wadzaza zinthu ngati msika wa Limbe, kabokosi ka Facebook, mavidiyo awiri a YouTube, Google Maps, kalendala, zanyengo, mpaka kowerengera alendo, ndipo akuti pasachoke kanthu.

Madala a ku Zomba: Usanasamutse tsegula Chrome pa laputopu, dina F12, pita pa Network, pa throttling uike 3G (kuti itsegule ngati pa netiweki yochedwa) kenako uitsegulenso pejiyo. Pansi pake pakuonetsa ma request ndi ma MB onse. Utiuze.

Wa ku Ndirande: Iii madala, 11 MB peji yoyamba yokhayo. Chithunzi chimodzi cha nyanja 4 MB, anangochikweza momwe chinachokera mu kamera.

Asisi a ku Area 25: Ndiye hosting yalakwanji apa achimwene 😂 zithunzizo zichepetseni kaye, 1600px mulifupi yakwana, mudutsitse pa saiti yochepetsera zithunzi ya Squoosh zikhale WebP (mtundu wa zithunzi zosalemera), WordPress imalandira WebP kuyambira pa version 5.8. Koma chomwe chimanditopetsa ine ndi sidebar imeneyo, pa foni imagwera kumunsi kwenikweni komwe palibe amafikako koma ma script ake foni imakokabe onse, munthu wa ka itel kake akulipira data ya zinthu zoti sazionanso n'komwe. Vidiyo iliyonse imabwera ndi player wake munthu asanadine, ikani chithunzi chokha ndi linki, mapu apite ku peji ya contact, Facebook ikhale ka icon basi.

Madala a ku Zomba: Zoona. Komanso usadalire lazy load (yoti zithunzi zizibwera munthu akamayandikira pomwe zili) ija inabwera ndi WordPress 5.5, ma iframe (timabokosi ta vidiyo ndi mapu) omata pamanja mu widget za mu sidebar uikemo loading="lazy" wekha. Ukamaliza ika plugin imodzi ya cache (yosunga kope la peji kuti izitsegula msanga), imodzi ndithu, ziwiri zimamenyana. Cloudflare yaulere ija, yothandiza saiti kufulumira, ibwere pomaliza.

Wa ku Ndirande: Zonsezi ndamva, nanga bwanayo ndimuuza bwanji? Ndi amene akulipiratu.

Asisi a ku Area 25: Osakangana nawo, manambala a PageSpeed oyezera liwiro la saiti sangawamve. Pangani kope pa staging (saiti yoyeserera) muchotse zonsezo, mukawapatse foni yawo yomwe atsegule zonse ziwiri pa data yawo osati pa WiFi ya ku ofesi. Akadikira okha amvetsa.

Wa ku Ndirande: Abale zatheka, peji yatsika kufika 1.8 MB, hosting ndi yomweija. Bwana avomera zonse kupatula kowerengera alendo, akuti anawaikira ndi mwana wawo ndiye kameneko ndakasiya.