Kodi asayansi ofufuza mavairasi a korona timawatchula bwanji?

Moni nonse akuluakulu. Ndikukonza phunziro la zaumoyo la achinyamata a ku Ndirande kuno ku Blantyre, koma ndasowa dzina loyenera la asayansi amene ntchito yawo ndi kufufuza mavairasi a mtundu wa korona okhaokha, mavairasi omwe anayambitsa matenda a SARS mu 2002, MERS mu 2012 ndiponso COVID-19 mu 2019.

M'mabuku otanthauzira mawu sindinalipeze, ndipo azaumoyo amene ndawafunsa amangoti "akatswiri a tizilombo toyambitsa matenda," mawu omwe ndikuona kuti ndi otambalala kwambiri, chifukwa akuphatikizanso ofufuza malungo ndi kolera, matenda omwe sayambitsidwa ndi vairasi n'komwe. M'Chingerezi ena amati coronavirologist.

Kodi lilipo dzina lovomerezeka m'Chichewa, kapena ndingofotokoza ntchito yawoyo m'mawu angapo? Chonde ndithandizeni.