Mwana wa hemofiliya wagwa, khosi lauma, ndidikire Lolemba?

Mayi wa ku Chibavi:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 6 ali ndi hemofiliya A, vuto lija loti magazi sagwirana msanga. Dzulo anagwa pakhonde akusewera ndi anzake, sanatuluke magazi olo dontho, analira pang'ono kenako nsima anadya bwinobwino. Koma lero wadzuka khosi litapendekeka, akuti pakati pa mapewa pakuwawa, kuyenda akukana ndipo chim'mawa chonse sanakodze. Agogo ake akuti anangogona molakwika timuthowe ndi madzi otentha, aneba andipatsa brufen koma sindinammwetse. Poti lero ndi Loweruka, ndidikire Lolemba kapena?

Namwino_Luwinga:
Mayi musadikire, nyamukani pompano mupite ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. Mwana wa hemofiliya akagwa ngakhale pang'ono magazi amatha kumachuchira mkati mwa fupa la msana nkumapanikiza mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umene umadutsa mu msanamo, kunja osaoneka chilichonse, zizindikiro zimatha kubwera patapita maola kapena masiku. Khosi kuuma, miyendo kufooka, mkodzo kukanika, zimenezo si zogona molakwika ayi. Mukafika nenani kaye kuti ali ndi hemofiliya A, muwaonetse buku lake la kuchipatala. Lamulo lake ndi loti factor VIII, mankhwala othandiza magazi kugwirana, ayambe kulowa, kujambula kubwere pambuyo. Pa vuto ngati ili amaikweza m'magazi kufika cha pa 100% ya mlingo wa munthu wopanda vutoli, ndiye pafupifupi mayunitsi (IU) 50 pa kilo iliyonse ya thupi la mwana, ndipo amabwereza kwa masiku angapo chifukwa imachepa ndi theka m'maola 8 mpaka 12. Ikakhala palibe amapereka cryo kapena plasma, zomwe amazichotsa m'magazi operekedwa ndi anthu ena. Brufen, asipirini, diclofenac osayerekeza, panado yekha. Jakisoni wa pathako ayinso.

Bambo Awiri Zolozolo:
Zimene anena anamwinozi nzoona. Wanga wamkulu zinamuchitikira ali ndi zaka 4, tinathamangira pa kachipatala kena, ataona khosi louma anangoti ndi matenda oumitsa khosi ndipo singano yotengera madzi a pamsana inali itatuluka kale mu pepala lake, ine ndinachita kuima pakati nkuti mwanayu simumubaya asanalandire factor, anandiona ngati bambo wovuta koma ndinakakamira mpaka anatitumiza kwina. Sanachitidwe opaleshoni, factor yokha masiku ambirimbiri kenako fizio, pano mpira tikuchita kumuletsa. Komanso musamukweze kabaza chonde, mabampu a ku Chibavi mukuwadziwa. Pezani galimoto agone chagada, khosi lisamagwedezeke.

Nya_Katoto:
Pepani mayi. Agogowo muwauze mwaulemu koma molimba, kuthowa ndi kutemera mphini kwa mwana ameneyu ayi ndithu. Kwathu malume anga ankatupa maondo anthu nkumati anawaponda mankhwala, tinadzazindikira mwana wa mchemwali wanga atabadwa nalo vuto lomwelo kuti limadzera kuchikazi.

Namwino_Luwinga:
Ndinaiwala, opaleshoni amaiganizira ngati miyendo ikufookerabe factor atalandira kale, ndipo choonetsa bwino ndi makina ojambula mkati mwa thupi otchedwa MRI. Ndiye muzionetsetsa ngati zala zakumapazi akuzigwedeza, zikasintha itanani adokotala olo pakati pa usiku.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo nonse, tafika, aneba omwe aja ndi amene atinyamula pa galimoto yawo. Amuika kanyula padzanja, factor akusungunula pano. Foni yatsala 9%, chaja ndaiwala kunyumba.