Ma buckle a nsapato akale achita dzimbiri, ndiwatsuke bwanji?

Wokonza ndolo ku Birmingham: Akuluakulu thandizeni. Kasitomala wabwera ndi ma buckle awiri a nsapato, akuti ndi a m'ma 1770, akuluakulu okhota aja amati Artois. Felemu ndi ya siliva, kuli timiyala tonyezimira kuzungulira konse, koma kuseri kwake kachitsulo kogwira lamba wa nsapato kaja kadya dzimbiri mpaka sikakutembenuka. Ndimati ndiwaviike mu viniga usiku wonse ngati mmene timachitira ndi masipanala, nanga bwanji?

Msula wa ku Leeds: Ayi achimwene musayerekeze!! Timiyalato si dayamondi, ndi galasi, amati paste, ndipo pansi pa kamwala kalikonse anaikapo kapepala kopyapyala kachitsulo koti kaziwalitsa. Madzi akangolowamo kapepalako kamada ndipo sikabwereranso, mwala umangooneka ngati diso la nsomba yowola. Ine ndinaonongapo imodzi ndili wophunzira, abwana anga sanandiyankhule sabata yathunthu.

Mayi wa zovala za zisudzo: Zoona zimenezo. Komanso musayatse moto kuti muwotcherere, kutentha nakonso kumapha kapepalako. Tengani burashi youma yofewa, kenako kathonje pa kamtengo, kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera pa pini pokhapo, mudikire mawa muzikagwedeza pang'onopang'ono. Mafuta asafike ku miyala chonde.

Wokonza ndolo ku Birmingham: Ndiye kachitsuloko ndingochotsa ndiike katsopano? Kasitomala akufuna azivala.

Msula wa ku Leeds: Mukachotsa mtengo wake wagwa pomwepo, ogula zakale amayang'ana kuseri kaye asanaone kutsogolo. Paja kale ma buckle amenewa sankasokerera pa nsapato, munthu ankawavula n'kuwaika pa nsapato ina ngati mmene timasinthira wotchi, ndiye kachitsuloko ndi theka la katundu. Onaninso ndi loupe, kagalasi kokuzira zinthu kaja, ngati pali chidindo, kamkango ndiye kuti siliva weniweni, mukaona nangula ndiye anadindidwa konko kwanuko, ofesi yoyesa siliva ya Birmingham inatsegulidwa 1773.

Mayi wa zovala za zisudzo: Ndipo anthu a tauni yanuyo analira nawo ma buckle, zingwe za nsapato zitatchuka opanga ake anakadandaula kwa Prince of Wales, mwana wa mfumu ya ku Britain, mu 1791 kuti ntchito ikutha kkkk. Za kuvalazo muuzeni agule a makono ovalira, awa asunge m'kabokosi kouma.

Wokonza ndolo ku Birmingham: Ndayang'ana, kamkango kalipo, nangula sindikumuona. Mafuta ndadontheza, viniga ndabweza ku khitchini. Ndikuuzani mawa ngati pini yagwedezeka.