Tizilombo ta pansi pa miyala mu mtsinje wa Mwanza tinapita kuti?

Mlimi wa ku Chikwawa:
Abale, ndili mwana tinkatembenuza miyala mu Mwanza n'kupeza tizilombo taphanthiphanthi, ta michira itatu, tokolera mbedza. Lero ndi mchenga wokhawokha, mdzukulu wanga sanationepo. Zimandiwawa ndithu. Chatithawitsa n'chiyani?

Msodzi wa ku Chiromo:
Achimwene, mwayankha nokha: mchenga. Timeneto timamatira pa miyala n'kumadya ndere. Mitengo itatha kumtunda, dothi linakwirira nyumba zawo, ndipo namondwe Freddy wa 2023 anangomalizitsa. Kwerani ndi Ruo cha ku Mulanje, komwe madzi ndi ozizira komanso othamanga, mukatipeza.

Mphunzitsi wa ku Nsanje:
Ndiwonjezeko, bambo. Madzi akatentha mpweya umachepamo, ndiye kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Otsala ndi opirira: timphutsi tofiira ta m'matope, ndi mphutsi za udzudzu zomwe zimapumira pamwamba pa madzi. Pansi pa namasupuni ku dambo la Elephant Marsh ana a tombolombo akadalipo, ndipo amadya mphutsi za udzudzuzo.

Mlimi wa ku Chikwawa:
Zikomo aphunzitsi. Nanga titabzala mitengo ndi bango m'mbali mwa dimba langa, tingabwerere?