Achemwali anga asiya ma ARV ati Mulungu wawachiza, ndiwayankhe bwanji?

Admin, chonde mundibisire dzina.

Abale anga, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Achemwali anga akhala akumwa ma ARV kuyambira 2016 osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Miyezi itatu yapitayo anakayezetsa viral load, kutanthauza kuchuluka kwa kachirombo ka HIV m'magazi, zotsatira n'kubwera zoti kachirombo sikakuoneka m'magazi. Anakapereka umboni ku felosipi kumene amapita, ndipo mtumiki wa kumeneko anawauza kuti amenewo ndi machiritso, wopitiriza kumwa mankhwala ndiye kuti akukayikira Mulungu.

Sabata yatha ndikufuna chitenje m'sutikesi mwawo ndinapeza mabotolo awiri osatsegula n'komwe. Alamu ya 8 koloko usiku ija, imene ngakhale ana awo anaizolowera, anaifufuta pa foni.

Nditawafunsa anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, umadziwa zambiri koma chikhulupiriro ulibe." Mawuwa andilasa. Ndi iwowa amene anandilera mayi atatisiya, ndi iwo anandiphunzitsa kugwada n'kupemphera. Ine Mulungu sindinamutaye.

Chikundizunguza mutu n'chakuti mawu oti kukhulupirira timawatchula pa zinthu ziwiri. Ndikati "ndikukhulupirira kuti mvula igwa mawa", ndikungoganiza, ikhoza osagwa. Ndikati "ndimakhulupirira Mulungu", ndiye kuti ndamudalira ndi moyo wanga wonse. Nanga achemwali akati "ndikukhulupirira kuti ndachira", akunena chiti? Ine ndikuona kuti ndi ganizo chabe, ndipo ganizo lotere magazi akhoza kulivomereza kapena kulikana. Koma ndikangoyamba kufotokoza amamva ngati ndikunyoza Mulungu wawo. Ndiwalankhule bwanji osawataya?

Ndemanga

Namwino: Achemwali, musachedwe nazo. Kachirombo kakapanda kuoneka sikuti katha. Kamabisala m'maselo ena a m'thupi, mankhwala amangokaletsa kuswana. Munthu akasiya, kwa ambiri kamayambanso kuoneka m'magazi pakangotha masabata ochepa, iye akudzimva kuti ali bwinobwino. Kumwa modukizadukiza kungachititsenso kuti kachirombo kayambe kupima mankhwalawo. Pitani nawo ku kiliniki ndi buku lawo la kuchipatala, akanene zoona kuti anasiya liti.

Mayi wina: Koma tisamuchepetse Mulungu abale. Palibe chomulaka.

Mkulu wa mpingo: Zoona mayi, palibe chomulaka. Koma mwana wanga wafunsa bwino. Pa Yesaya 38, Mulungu atalonjeza kale kuti Hezekiya achira, mneneri yemweyo analamula kuti amuike nkhuyu pa chithupsa. Hezekiya sanauzidwe kuti asankhe pakati pa lonjezo ndi nkhuyuzo. Chikhulupiriro chimagwira pa zimene maso sangaone, monga chikondi cha Mulungu ndi moyo ulinkudza. Chinthu choti chikhoza kuyezedwa, kuchikana kukachiyeza ndi mantha amenewo. Musakangane nawo za Mulungu, mwana wanga. Kawauzeni kuti umboni wawo ndi woona, pemphero lawo linayankhidwa, ndipo yankholo linadzera m'mabotolo amene abisawo.

Bambo wina: Ine ndinasiyapo miyezi isanu chifukwa cha nkhani ngati yomweyi. Ndinadzuka ndili pa bedi la chipatala ndi TB, thupi litatha. Wondipempherera uja sanabwere kudzandizonda. Ngati achemwali anu angalole, ndikhoza kulankhula nawo.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndalira powerenga. Bambo a mpingo, usiku uno ndikawapempha tiwerenge limodzi Yesaya 38 tisanapemphere. Anamwino, ndifunsenso: akavomera, ayambe kumwa mabotolo ali m'sutikesiwo kapena adikire kaye tikafike ku kiliniki? Ndapempha kale tchuthi cha Lolemba kuntchito kuti ndikawaperekeze.