Msewu wa mamita 15 pomwe njira ilipo ndi ya mamita 6: tigwetse nyumba zingati?

Wamapulani wa ku Lilongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kampani yathu yapatsidwa ntchito yojambula msewu wolowa m'dera lina kumadzulo kwa mzinda, limodzi mwa madera aja anthu anangogula malo kwa mafumu n'kumanga popanda pulani. Eni ntchito akufuna maminibasi azilowa m'kati, chifukwa pano anthu amayenda pansi mtunda wautali kapena kulipira kabaza kuti afike pa siteji ya kumsewu waukulu, kenako n'kulipiranso minibasi ya ku depoti. Mgwirizano ukuti malo a msewu akhale mamita 15 m'lifupi. Njira yomwe ilipo ndi yotalika makilomita 1.8, m'lifupi mamita 5 mpaka 7, pena galimoto ziwiri sizipatukirana. Nditayala mamita 15 aja pa chithunzi cha drone, zomangidwa 140 zagwera m'kati. Ndalama ya chipukuta misozi singakwane ngakhale zomangidwa 40. Ndikawauze eni ntchito kuti sizitheka, kapena pali njira ina? Lipoti loyamba likufunika kumapeto kwa mwezi uno.

Saveya wopuma ntchito:
Achemwali, 140 imeneyo ndi chiyani kwenikweni? Chithunzi cha m'mwamba chimangoonetsa malata. Sichikuuzani kuti ili ndi denga la nyumba yogona, ilo ndi la bafa, linalo ndi la okala kapena khola la nkhuku. Tsikani pansi ndi tepi, mulembe chilichonse pachokha: nyumba, chimbudzi, mpanda, khonde, shedi ya makala. Funso lina, mzere wapakati munaudutsitsa pati? Ngati munangotenga pakati pa njira yakale n'kuyeza 7.5 uku, 7.5 uko, mwaluma mabanja a mbali zonse ziwiri pomwe mukanaluma mbali imodzi. Msewu wa m'dera ngati limeneli sufunika kuwongoka ngati wa ku Capital Hill. Uzikhotera kumene kuli mipanda, uzithawa kumene kuli zipinda.

Wamapulani wa ku Lilongwe:
Zoona bambo, ndinatenga pakati. Mawa ndipita ndi anyamata tikawerenge bwinobwino.

Injiniya wa misewu:
Ine funso langa lili pa 15 yemweyo. Wachokera kuti? Kawirikawiri nambala zotere zimakoperedwa kuchokera ku mgwirizano wa ntchito ina, ya malo opanda kanthu, komwe ukhoza kukhoma mabikoni mmene ukufunira. Tiyeni tiwerenge zomwe minibasi imafunadi. Hiace sikwana mamita 2 m'lifupi. Lole ya mchenga kapena galimoto yozimitsa moto ndi pafupifupi 2.5. Msewu wopita mbali imodzi yokha, phula la mamita 4 ndi lokwanira. Onjezani mita imodzi ya ngalande, 1.5 ya oyenda pansi, 1.5 ya mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi. Zonse pamodzi ndi 8. Ngalande mukaivundikira ndi masilabu, anthu amayenda pamwamba pake, ndiye pamalo pothina mukhoza kutsika kufika pa 7.

Koma kuti zimenezi zitheke pafunika njira yachiwiri yotulukira, minibasi ilowere uku itulukire uko. Ilipo?

Wamapulani wa ku Lilongwe:
Ilipo, chakumpoto. Imayambira pa kamsika ka m'kati n'kukatulukira kumsewu waukulu womwewo, mamita pafupifupi 600 kuchokera polowera. Ndi yoipa kuposa inayo, ili ndi zigwembe.

Mlangizi wa za mayendedwe:
Pepani a injiniya, ndilowererepo, chifukwa apa ndi pamene mapulani okongola amafera. Minibasi si basi ya nthawi. Siinyamuka chifukwa yakwana 6 koloko, imanyamuka ikadzaza. Mukajambula mzungulire n'kusiya siteji pomwe ili, kumsewu waukulu, dalaivala adzadzazira pomwepo n'kutembenukira ku tauni. Alowerenji m'kati kukawotcha mafuta makilomita atatu pomwe mipando yatha kale? Phula lanu lidzangothandiza akabaza ndi malole a njerwa.

Siteji yothera ikhale m'kati, pa kamsikako. Minibasi yochokera ku tauni izitsitsa anthu polowa, ikaime pamzere pa msika, idzaze, itulukire njira ya kumpoto. Mudzamva madandaulo oti a pafupi ndi kotulukira akuipeza yodzaza, koma iwowo ali pafupi ndi msewu waukulu, atha kuyenda. Pa ntchito yathu timati munthu asayende kuposa mamita 400 kapena 500 kuti apeze chokwera. Jambulani mabwalo a mamita 500 kuzungulira siteji yakale ndi yatsopano, muone nyumba zotsala kunja. Chithunzi chimenecho n'chomwe chikagonjetse eni ntchito, osati mawu ambiri.

Ndipo musalembe lipoti musanakhale pansi ndi tcheyamani wa pa siteji, madalaivala, makondakitala ndi a MOAM, bungwe la eni maminibasi. Mtengo wa ulendo ndi umene adzakambe poyamba: akalowa m'kati adzafuna kuwonjezera. Ngati chowonjezeracho chifanana ndi ya kabaza, mayi wogulitsa tomato sanapindule kanthu. Ku Johannesburg pomwe, mabasi a Rea Vaya poyamba mu 2009, zinatengera kuti eni mataxi (maminibasi a kumeneko) alowetsedwe mu kampani yoyendetsa mabasiwo. Ife tikukamba za kamsewu kamodzi, koma anthu amene mukugwira mphika wawo ndi amtundu womwewo.

Injiniya wa misewu:
Apo mwalasa. Ndiye malo aakulu akufunika pamodzi pokha, pa siteji: poima maminibasi asanu kapena asanu ndi imodzi, malo a akabaza, chimbudzi, ndi mabenchi a mavenda. Mavenda apatseni malo papepala pomwe, mukapanda kutero adzadzipatsa okha paphula.

Wamapulani wa ku Lilongwe:
Kuseri kwa msika kuli malo opanda nyumba, aakulu ndithu. Ndimaganiza zoika siteji pamenepo.

Saveya wopuma ntchito:
Hmm. M'dera lomwe anthu amanga mpaka pakhomo pa chimbudzi cha mnzawo, malo akakhala opanda nyumba pali chifukwa. Kaya ndi dambo, kaya ndi manda, kaya pali mlandu. Ngati pali mitengo ikuluikulu yachilengedwe yomwe palibe anaidulapo nkhuni, funsani mafumu musanalowe ndi tepi yanu. Kuno ku Lilongwe manda ambiri a midzi yakale yomwe tauni inameza ndi dambwe, ndipo simungangolowamo, makamaka inu mayi. Pitani kaye kwa anyakwawa, mwaulemu wake.

Wa za madzi ndi ngalande:
Ngati ndi dambo, chonde thawani. Ku Dar es Salaam mabasi a mwendokasi anayamba mu 2016, msewu wake kuchokera ku Kimara mpaka ku Kivukoni, ntchito yapamwamba zedi, koma depoti anaimanga ku Jangwani m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi. Mvula ikagwa yambiri madzi ankalowa m'depoti, mabasi n'kuima. Kwathu konkuno tonse tikukumbukira mmene Lingadzi anasefukira ku Mtandire mu February 2017.

Ndipo zigwembe za njira ya kumpotozo zikukuuzani kanthu: njirayo ndi imene imanyamula madzi a dera lonse. Mukathira phula pa misewu iwiri, madzi omwe ankalowa pansi adzathamanga onse kutsetsereka. Yambani ndi kupeza kumene ngalande idzathirire, muyende nayo mpaka ku mtsinje, kenako mubwerere chokwera. Ndaonapo ngalande yomangidwa bwino ndi miyala ndi simenti yothera pa mpanda wa munthu chifukwa ndalama inathera pomwepo. Makalavati asachepere mamilimita 600, ang'onoang'ono amatsekeka ndi majumbo ndi mchenga mvula yoyamba yomwe. Pakhomo lililonse muikepo silabu yowolokera. Mukaiwala, mwini nyumba adzakwirira ngalande ndi dothi kuti wilibala yake idutse, ndipo simungamudzudzule.

Mayi wa za chipukuta misozi:
Ndawerenga zonse, palibe watchula matenanti. Achemwali, m'madera amenewa puloti imodzi imakhala ndi landilodi mmodzi ndi mdadada wa zipinda za lendi, banja pachitseko chilichonse. Mukalemba kuti "nyumba imodzi", mwina mwalemba mabanja asanu. Ndalama imapita kwa mwini nyumba, amene mwina amakhala ku Area 47, ndipo ochita lendi amangouzidwa kuti mwezi ukatha atuluke. Ngati ndalama za ntchitoyi zikuchokera ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse kapena mabungwe otsata malamulo ofanana ndi ake, ochita lendi ndi anthu opanda mapepala a malo amayenera kuthandizidwa posamuka, ndipo wa okala amawerengeredwa phindu lomwe wataya. Bajeti yanu ya 40 ija mwina ndi yochepa kuposa mmene mukuganizira.

Chachiwiri ndi tsiku lotsekera kalembera. Anthu akangoona anyamata anu ndi tepi mawa, pofika sabata yamawa mudzapeza maziko atsopano ndi nthochi zobzalidwa usiku m'mbali mwa njira. Si kuipa mtima, ndi umphawi ndi nzeru. Gwirizanani ndi khonsolo, khansala, mafumu ndi mabuloko lida, tsikulo lilengezedwe pa msonkhano, chomangidwa chilichonse chijambulidwe mwini wake ataima pambali, chipatsidwe nambala. Kalemberayo musachite nokha. A CCODE, bungwe lothandiza anthu a m'madera osauka, ndi amayi a Federation, gulu la anthu a m'maderawo, akhala akuchita kalembera wotere m'madera monga Mtandire ndi Chinsapo, ndipo anthu amauza mnansi wawo zoona zomwe sangauze mlendo wovala chipewa cha kampani.

Wa ku Cape Town:
Moni kumudzi. Kuno njira yomwe inathandiza ku Mtshini Wam, ku Joe Slovo Park, mu 2012 inali yosuntha tinyumba m'dera lomwelo, kutikonzanso m'magulu kuti papezeke tinjira ndi mabwalo, popanda wopita kutali. Koma kuno ndi tinyumba ta malata, timaphwasulidwa m'mawa madzulo munthu wagonamo. Kwathu ndi njerwa zootcha, sizingatheke chimodzimodzi. Chomwe mungatengepo ndi ichi: amene nyumba yake yadulidwa chipinda chakumaso amangirenso kumbuyo pa puloti yomweyo. Asapatsidwe malo kunja kwa tauni. Ganyu wake, sukulu ya ana ndi makasitomala ake zili pomwepo, ndipo akaponyedwa kutali adzagulitsa malowo n'kubwerera kudzachita lendi.

Wamapulani wa ku Blantyre:
Ine ndikutsutsa pang'ono, musandide. Tonse tikuthamangira mamita 8 chifukwa ndi otsika mtengo lero. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo ochuluka akukhala m'madera ngati limeneli. Zaka 20 zikubwerazi deralo lidzakhala ndi nyumba zosanja ndi mashopu. Misewu ya Kenyatta ndi Mzimba yatheka kukulitsidwa kufika pa mizere isanu ndi umodzi chifukwa omwe anajambula likulu nthawi ya CCDC, bungwe lomwe linkamanga likululo, anasiya malo aakulu m'mbali. Inde mitengo inapita ndipo anthu anadandaula, koma mitengo si mabanja. Bwerani kuno muone Ndirande, mundiuze ngati pali amene angakulitse misewu ya m'kati mwake lero. Mukakhoma 8, mwakhoma mpaka kalekale.

Injiniya wa misewu:
Achimwene, mfundo yanu ndi yolemera, koma CCDC inkajambula pa minda ndi midzi yotalikirana, ndipo anthu a m'midziyo anasamutsidwa. Mayiwa akujambula pa makhonde a anthu, ndi ndalama ya nyumba 40. Ku Nairobi, Mukuru, komwenso anthu anamanga popanda pulani, italengezedwa kukhala dera la pulani yapadera mu 2017, akatswiri atawerengera anapeza kuti kutsata miyezo ya m'mabuku ya misewu, masukulu ndi zina kukanachotsa pafupifupi anthu onse omwe ankafuna kuwathandizawo. Anachepetsa miyezo. Kusankha kwenikweni pano si pakati pa 8 ndi 15, ndi pakati pa 8 ndi fumbi lomwe lilipoli.

Saveya wopuma ntchito:
Nonse awiri mukhoza kukhuta. Mangani pa 8 lero, koma pa pulani mujambule mzere womangira wa mamita 12. Nyumba yomwe ilipo isagwetsedwe. Koma aliyense wogwetsa yekha kuti amange yatsopano, abwerere kumbuyo kwa mzerewo. Phula likangofika, a m'mbali mwa msewu ambiri amagwetsa okha kuti amange mashopu, ndiye msewu umakula pang'onopang'ono popanda chipukuta misozi. Mabikoni akhale a konkire, ooneka, ndipo mapu ena akhale kwa amfumu, ena kwa komiti ya chitukuko ya deralo, osati mu kabati ya ofesi mokha.

Wamapulani wa ku Blantyre:
Papepala ndavomera, madala. Koma adzalondera mzerewo ndani? Mabikoni amazulidwa.

Saveya wopuma ntchito:
Amazulidwa, n'chifukwa chake timasunga makoodineti, manambala osonyeza pamene bikoni iliyonse inali. Mapolo a magetsi ndi paipi yaikulu ya madzi muziike pa mzere wa 12 pomwe pali mpata. Polo sazula.

Mayi wa za chipukuta misozi:
Chomwe palibe wayankha n'choti phula likafika lendi idzakwera, ndipo ena mwa omwe tikuwawerenga lero adzasamukira kutsidya komwe minibasi sifika. Mulembe zimenezi mu lipoti ngakhale mulibe mankhwala ake.

Wamapulani wa ku Lilongwe:
Ndabwerako, zikomo nonse. Pa 140 paja nyumba zogona ndi 52, zotsalazo ndi mipanda, zimbudzi, mabafa ndi maokala. Titayala mamita 8 pa njira zonse ziwiri n'kukhotetsa mzere monga ananenera a saveya aja, nyumba zogona zokhudzidwa zatsala 17, ndipo 11 mwa izo n'zongodulidwa khonde kapena chipinda chimodzi. Koma m'nyumba 17 zimenezo muli mabanja 41, mayi munanena zoona. Malo a kuseri kwa msika ndi manda, anyakwawa atiuza tisanafunse n'komwe. Atilozera bwalo lina pafupi ndi chigayo, eni ake ndi awiri ndipo mmodzi akuoneka womasuka kukambirana. Madalaivala avomera siteji ya m'kati, za mtengo sitinamvane, tikumananso Loweruka pamodzi ndi akabaza, omwe sakukondwa.

Mu lipoti ndiika njira zonse ziwiri, ya 15 ndi ya 8 yokhala ndi mzere wa 12, iliyonse ndi mtengo wake ndi chiwerengero cha mabanja, kuti eni ntchito ndi komiti ya mapulani ya khonsolo asankhe akuona. A ngalande, ndakutumizirani mapu a kutsetsereka kwa malo. Pali pena chakumpoto pomwe madzi akuoneka kuti alibe kotulukira popanda kudutsa pa puloti ya tchalitchi.

Wa za madzi ndi ngalande:
Ndawaona. Pamenepo pafunika paipi yokwiriridwa, osati ngalande yotseguka, pamasewera ana. Mundiyezere kutsika kwake kuchokera pa chipata cha tchalitchi mpaka pa mtsinje, ndikuuzani kukula kwa paipi Lolemba.