Chidole cha 3D chikutsetsereka pansi, koma solve error ndi 0.41

Wophunzira:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ntchito ya kusukulu ikufunika Lachisanu. Clip ya masekondi 12, ndajambula pa foni, 1080p 30fps, kamera ili m'manja, ndikuyenda pang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja. Munthu waima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira (green screen, yodzaichotsa pa kompyuta), pambali pake ndikufuna chidole cha 3D chiime pansi. Ndikugwiritsa Blender 4.2 (pulogalamu ya 3D), ma tracker 14 (madontho omwe Blender amatsata mu vidiyo kuti apeze mmene kamera inayendera), solve error 0.41 (nambala ya kulakwitsa powerengera zimenezo), Setup Tracking Scene ndadina. Mu viewport (zenera logwirira ntchito) zikuoneka ngati zagwira koma ndikachita render (kutulutsa vidiyo yomaliza) chidole chikutsetsereka ngati chaponda sopo, makamaka kuyambira frame 150 mpaka 220. Chinanso tsitsi lili ndi mzere wobiriwira, ndikakweza Despill (yochotsa green wa nsalu pa munthu) nkhope ikusanduka pinki. Footage nayo ikutuluka yotuwa kusiyana ndi mmene ikuonekera mufoni. Chonde musandiuze zojambulanso, nsalu inali yobwereka ndipo ndabweza kale.

Wojambula:
Jambulaninso. Pepani, mwakana kale, koma yankho ndi lomwelo. Foni ikakhala ndi stabilization yoyaka imadula chithunzi nkumachisuntha frame iliyonse, pomwe Blender amaganiza kuti pakati pa lens ndi pamodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Onjezani autofocus yomwe imasintha kukula kwa chithunzi pang'onopang'ono, onjezani rolling shutter, yomwe imapinda chithunzi kamera ikathamanga. Zitatuzi mu Blender palibe batani lozichotsa. Masekondi 12 mungawajambule musanamalize kuwerenga zomwe anzangawa alembe pansipa.

Wa tracking:
Tisanafike kumeneko. Mnzathu, 0.41 ija isakunamizeni. Nambala imeneyo ikungonena kuti madontho omwe mwapatsa Blender akugwirizana ndi kamera yomwe wapeka. Sikunena kuti kamerayo ndi yoona. Ndiuzeni zinthu ziwiri: pa ma tracker 14 aja angati ali pansalu, angati ali pansi? Ndipo angati akufika frame 220 osaduka?

Poyembekeza yankho, onani katsetserekedwe kake, chifukwa kalikonse kali ndi mwini wake. Chidole chikamatsalira kamera ikathamanga nkubwerera pamalo pake kamera ikadekha, ndi vuto la nthawi: footage ndi render zasiyana ndi frame imodzi kapena ziwiri. Chikamachoka pamalo pang'onopang'ono malinga ndi mtunda womwe kamera yayenda, osabwereranso, ndiye kuti mapazi ake sali pamtunda weniweni wa pansi, chikulendewera m'mwamba kapena chamira. Chikamagwira bwino pakati nkumaterereka chikafika m'mphepete mwa chithunzi, ndi lens distortion, kupindika kwa chithunzi kobwera ndi lens. Chikamanjenjemera ngati mnofu, ndiye zomwe anena akulu ojambulawa.

Wophunzira:
11 ali pansalu, ndinamata tepi. 3 ali pansi. Ndaona tsopano kuti awiri mwa atatuwo akuduka pa frame 148 chifukwa mwendo wa munthu ukuwaphimba. Chidole chikuchoka osabwerera.

Wa tracking:
Ndiye mwadziyankha nokha. Madontho 11 ali pakhoma limodzi lathyathyathya, kutali kofanana ndi kamera. Solver, mbali ya Blender yowerengera kamera, imapeza kuya kwa malo poona kuti zapafupi zikuyenda msanga kuposa zakutali. Mukaipatsa khoma lokha siisiyanitsa bwino kamera yomwe yasuntha ndi kamera yomwe yangotembenuka, ndiye imasankha chilichonse chotsitsa error. Pambuyo pa 148 pansi pagwiridwa ndi dontho limodzi. Nsalunso si khoma, munthu akadutsa imapuma, tepi nkusuntha nayo.

Chitani izi. Bwererani ku Movie Clip Editor muike ma tracker ena 10 kapena 15 pansi: ming'alu ya simenti, timadontho, miyendo ya choimikira nsalu. Ena pafupi ndi kamera, ena kutali, ena mbali zonse ziwiri. Musagwire m'mphepete mwa mthunzi, malo onyezimira, kapena pomwe zinthu ziwiri zotalikirana zikuoneka ngati zakumana, amenewo si madontho enieni, amayenda kamera ikayenda. Popeza pansi mukupaona mopendekera, motion model isakhale Location, ikani Affine kapena Perspective, ndipo yatsani Normalize. Dontho likaphimbidwa ndi mwendo musalikakamize. Lidule, yambani lina pamalo omwewo mwendo ukadutsa, kenako Join Tracks.

Keyframe A ndi B musasiye pa 1 ndi 30 ngati pamenepo munali musanayambe kuyenda. Sankhani ma frame awiri omwe kamera yasunthadi pakati pawo ndipo madontho osachepera 8 akuoneka pa onse awiri. Sensor Width ikani 36, focal length muyambire pa nambala ya 35mm equivalent ya foni yanu, ambiri lens yaikulu imakhala cha pa 24 mpaka 28, vidiyo imadulako pang'ono ndiye ikhoza kukwera. Refine yatsani Focal Length yokha kaye. Radial Distortion muwonjezere kachiwiri. Mukayatsa zonse nthawi imodzi pa madontho ochepa, error imatsika mokongola koma focal length imathawira ku nambala yopanda nzeru.

Wojambula:
Ndipo focal length imeneyo ikusintha mkati mwa shot chifukwa focus sinatsekedwe. Blender amapereka nambala imodzi ya clip yonse. Muika iti? Jambulaninso, focus ndi exposure zotseka, stabilization yozima.

Wa compositing:
Akulu, mwanayu wanena kuti nsalu palibe. Tiyeni timuthandize ndi zomwe ali nazo m'manja.

Ine nkhawa yanga ili pa fayilo. Mwalowetsa mp4 ya mufoni mmene ilili? Tsegulani mu MediaInfo (pulogalamu yoonetsa zambiri za fayilo ya vidiyo) muone Frame rate mode. Mafoni ambiri amalemba Variable, kutanthauza kuti 30 ija ndi dzina chabe, kuwala kukachepa kapena foni ikatentha ma frame amatalikirana. H.264, njira yopanikizira vidiyo, nayonso sisunga chithunzi chathunthu pa frame iliyonse, ndiye pulogalamu ikamadumphadumpha nthawi zina imatola frame yoyandikana nayo. Sandutsani vidiyoyo kukhala zithunzi ndi pulogalamu ya ffmpeg musanachite china chilichonse:

ffmpeg -i clip.mp4 -fps_mode passthrough frames/%04d.png

Ngati ffmpeg yanu ndi yakale, m'malo mwa -fps_mode passthrough lembani -vsync 0. Musagwiritse -vf fps=30 pa ntchito ya tracking. Imeneyo imadzaza mipata pobwereza ma frame, kamera nkumaoneka ngati yaima kenako yalumpha, ndipo solver ikhulupirira bodza limenelo. Zithunzi zomwezo zikhale za tracking ndi za compositor, osati kuno PNG uko mp4. Onaninso Start Frame ndi Frame Offset pa Footage Settings. Chenjezo: mukasintha gwero ma track akale akhoza kusemphana ndi ma frame, ndiye yambani ndi ichi musanataye maola poika madontho atsopano.

Wophunzira:
MediaInfo ikuti Variable. ffmpeg yatulutsa zithunzi 352 osati 360. Ndiye ndiyambirenso tracking yonse?? Eish.

Wa compositing:
Eya, yambiraninso. Madontho 25 pa ma frame 352 ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mawu a mu clip ngati mukuwafuna adzasemphana ndi pakamwa pang'ono, zimenezo mudzakonza pomaliza, si za lero.

Wa tracking:
Mukamaliza solve yatsopano musathamangire kudina Floor pa madontho atatu alionse. Sankhani atatu otalikirana, onse ali pasimenti penipeni, osati limodzi lili pamwendo wa choimikira. Set Origin muike pa dontho lapafupi kwambiri ndi pomwe chidole chiime. Solve ikakhala ndi chilema pang'ono, chilemacho chimachepa pafupi ndi dontho lenileni. Set Scale imafuna madontho awiri ndi mtunda wake weniweni, mukaulakwitsa mthunzi ndi depth of field zidzakuyalutsani.

Kenako onani chidolecho. Origin yake, kadontho komwe Blender amayezera malo ake, ili kumapazi kapena pamimba? Zambiri zotsitsa pa intaneti origin ili pakati, munthu nkungochikoka ndi diso mpaka chioneke ngati chaponda. Pa frame imodzi diso limavomera. Masentimita 5 okha pamwamba pa pansi akukwana kuti chitsetsereke kamera ikayenda. Onani kuchokera kumbali, Numpad 3, zidendene zikhudze Z = 0.

Poyesa musachite render yonse. Chotsani chidole, ikani timabokosi ting'onoting'ono 5 pamadontho apansi, render 140 mpaka 230 yokha ndi ma sample 16. Timabokosi tikagwira, vuto ndi chidole. Tikatsetsereka tonse, vuto ndi solve.

Wojambula:
Titsetsereka. Stabilization.

Wa tracking:
Mwina, akulu. Koma chomwe wafotokoza ndi kuchoka osabwerera, osati kunjenjemera. Ngati patatsala kugwedera kwa pixel imodzi kapena ziwiri, kulipo kokonza mu 2D: tracker imodzi paphazi mu render, ina pasimenti pamalo omwewo mu footage, kusiyana kwake mupatse Translate node kudzera pa Track Position. Koma dziwani kuti mapazi adzamata pomwe mutu uzidzagwedera mosagwirizana ndi khoma. Ndi chigamba, ndipo kupitirira ma pixel atatu chimaonekera.

Wa compositing:
Tsitsi tsopano. Vidiyo ya foni ndi 4:2:0, kutanthauza kuti mtundu umasungidwa pa theka la resolution mbali zonse ziwiri, ma pixel anayi akugawana mtundu umodzi. Key, kuchotsa nsalu yobiriwira kuti patsale munthu, imadalira mtundu, nchifukwa chake m'mphepete mumatuluka ngati masitepe. Pa Keying node ikani Pre Blur 2 kapena 3, imafewetsa mtundu wokha osakhudza kuwala. Musafune kuti node imodzi ichite zonse. Ina ikhale yolimba, Clip Black ndi Clip White zoyandikana, muichepetse ndi Dilate/Erode kuti igwire thupi lokha mkati, imeneyo ilowe pa Core Matte. Ina ikhale yofewa ya tsitsi, Clip Black yotsika mmene mungathere. Tepi ndi zonse zakunja kwa munthu zichotseni ndi mask pa Garbage Matte, osati pokweza Clip Black mpaka tsitsi litadyeka. Tepi yodutsa kuseri kwa tsitsi ndiye palibe chidule, ndi mask ya pamanja frame ndi frame.

Pinki uja akubwera chifukwa khungu lili ndi green yakeyake, yochepera red koma yoposa blue. Despill yamphamvu imachotsa ndi imeneyo, nkutsala red ndi blue. Tsitsani Despill Factor, sunthani Despill Balance pang'onopang'ono mukuyang'ana tsaya, kapena despill yamphamvuyo muilole m'mphepete mokha pogwiritsa Edges yomwe node yomweyo imatulutsa. Footage ikakhala ndi noise, yeretsani kope lopangira matte (chithunzi chosonyeza zotsala ndi zochoka) lokha, mtundu mutenge pa loyambirira. Mukayeretsa zonse munthu amaoneka ngati wa pulasitiki.

Wojambula:
Munthuyo anaima kutali bwanji ndi nsalu? Ndikuganiza kuti anaitsamira. Pamafunika mamita 2 kapena 3, ndi nyali ya nsalu payokha. Spill, green wa nsalu wofika pa munthu, imapewedwa pojambula, ma node amenewa ndi kupukuta madzi mpopi uli chitsegukire.

Wa lighting:
Za kutuwa palibe wayankha. Kuyambira Blender 4.0 View Transform imabwera ili pa AgX, kale inali Filmic. Imagwira chilichonse chotuluka mu compositor, ndi footage yanu yomwe, yomwe foni inaikonza kale mitundu. Ndiye yaphikidwa kawiri. Render Properties, Color Management, ikani Standard, footage ibwerera mwakale.

Wa compositing:
Ibwereradi, koma pa Standard malo owala a chidole adzapsa nkukhala oyera mbee. Ayenera kutsitsa nyali za 3D mpaka zigwirizane ndi footage. Komanso asanasinthe aone mu MediaInfo momwemo ngati palembedwa HLG kapena BT.2020. Mafoni ena amajambula HDR osakufunsa, ndipo fayilo yotero ikawerengedwa ngati sRGB imatuwa ngakhale pa Standard. Ikakhala yotero iyenera kusandutsidwa Rec.709 potulutsa zithunzi zija, ndipo key ayipange pambuyo pake chifukwa green asintha.

Wa lighting:
Zoona achemwali. Ine ndikanati chidole chituluke chokha mu OpenEXR MultiLayer, half float, Film pa Transparent, mthunzi pa pass yake ya Shadow Catcher, kuphatikiza kuchitike pambuyo. Render ikafera panjira pa frame 300 mumayambira pomwepo, mp4 ikafa yafa yonse. Musachite color correction pa chithunzi cha premultiplied (chomwe mtundu wake wachulukitsidwa kale ndi alpha, muyeso wa kuonekera) musanachisandutse straight ndi Alpha Convert, m'mphepete mumabwera mzere wakuda kapena wowala. Ndipo motion blur: Blender amaika Shutter 0.5, yofanana ndi 1/60 pa 30fps. Foni pamalo owala imathamangitsa shutter kwambiri, footage nkukhala yopanda blur. Chidole chokhala ndi blur pasimenti yakuthwa chimaoneka ngati chikuterereka ngakhale track ili bwino. Imitsani pa frame yomwe kamera ikuthamanga, yerekezani mng'alu wapansi ndi phazi, tsitsani Shutter mpaka zifanane.

Mthunzi wa pansi pa mapazi nawo musauiwale. Popanda kadima kaja pomwe phazi lakhudza simenti diso limati chikuyandama basi.

Wojambula:
Mwawerenga zonsezi? Tracking yatsopano, ma key awiri, mask ya pamanja, kusandutsa mitundu, zonse Lachisanu lisanafike. Nsalu ina siingasowe. Tepi pansi ndi pakhoma, mipando iwiri kutalikirana kosiyana kuti pakhale kuya, pulogalamu ya kamera yolola kutseka shutter, focus ndi white balance, HDR yozima. Ola limodzi.

Wa tracking:
Akajambulanso nkuikanso madontho 11 pansalu abwera ndi funso lomweli, akulu. Mnzathu, timabokosi tija mwayesa? Tiuzeni focal length yomwe solver yapereka pambuyo pa Refine, ndi madontho angati apansi akudutsa 148 tsopano.

Wa lighting:
Komanso Movie Distortion node yomwe Setup Tracking Scene inaika ili pa Undistort kapena mwaisintha? Ngati aphunzitsi akufuna footage isakhudzidwe, ndiye render ndi yomwe ipindidwe ndi Distort, ndipo ifunika kutuluka yokulirapo pang'ono kuti m'makona musasowe chithunzi.